Ndilibe Ludzu, Achemwali

1.

Tsiku lomaliza Fatsani kumuona Esinati ali moyo, mlongo wakeyo anali ndi mapini atatu pakamwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Linali Lamlungu, pa 12 Febuluwale. Fatsani anaima pakhonde la nyumba ya kwa Mpotola atatambasula manja ngati khwangwala woyanika mapiko, mlongo wake wamkuluyo akumuyeza malaya.

Esinati analavulira mapini m'dzanja.

Imirira bwino iwe. Ku yunivesite kwanuko sakuphunzitsani kuwongola msana?

Amatiphunzitsa kuwerama, achemwali.

Zikuonekadi.

Nsaluyo inali yabuluu, buluu wa kumwamba mvula ikangokata. Esinati anaipinda n'kuiika pamakina osokera, anazungulira kuseri kwa nyumba, chingwe chinalira pamilomo ya chitsime, ndipo anabwerako ndi madzi m'kapu yofiira ya pulasitiki.

Imwa. Wayenda padzuwa.

Ndilibe ludzu, achemwali.

Esinati anamwa yekha. Theka. Theka linalo anathirira tsabola wa m'chitini.

2.

Pakhoma la holo ya yunivesite anapentapo mabokosi 17, lililonse mtundu wakewake. Ankati ndi zolinga za dziko lonse lapansi.

Umphawi, lofiira.
Thanzi, lobiriwira.
Madzi, labuluu.
Ena onsewo, mpaka nsomba za m'nyanja zamchere zimene Fatsani sanazionepo.

Lamulo linali lakuti wophunzira aliyense wa chaka chomaliza apachike kafukufuku wake pa bokosi limodzi. Kafukufuku wopanda cholinga ndi mbuzi yopanda chingwe, anatero a Dokotala Msendema, mayi amene ankayang'anira gulu la Fatsani. Anthu anathamangira zingwe. Wina amene ankawerenga nsikidzi za m'matilesi a kuhositelo anati zake zikugwa pa bokosi la zamoyo za pamtunda, ndipo anamuvomera.

Fatsani sanachite kusaka. Anatenga nambala sikisi, madzi aukhondo kwa onse. Anati ayeza zitsime 24 za kwa Mpotola, kumene anakulira m'manja mwa mlongo wake makolo awo atapita.

Kwa onse. Mawu amenewo anawalemba ndi zilembo zazikulu.

3.

Foni inalira Lachinayi m'mawa ali mu laibulale, alamu ake a Bizaliele, amuna a Esinati, akuti achemwali ako atsegula m'mimba ndipo akusanza tawatengera kumatenti a kolera, iye n'kuti ndikubwera koma anayamba wamaliza kusankha mitundu ya pa posita chifukwa a Dokotala ankaifuna masana, atafika anapeza chingwe chitamangidwa kuchokera pamtengo kufika pamtengo ndi mlonda wa majombo oyera akuti kuno sikulowa munthu, anaima padzuwa Lachinayi, anaima pamvula Lachisanu, akutumiza phala m'kontena limene linkabwerako lili chodzadzira, Loweruka mlonda uja analeka kumuyang'ana m'maso, ndipo dzuwa lisanapendeke anthu anayi ovala zoyera anatsitsira m'dzenje chinthu chokulungidwa m'pulasitiki yakuda atachipopera mankhwala oyabwa m'mphuno, osaona nkhope, osagona pamaliro, osalola amayi a kutchalitchi kusambitsa munthu amene anawasokera theka la mayunifolomu awo, abusa akuwerenga mothamanga ngati asiya mphika pamoto

Pa 18 Febuluwale.

Esinati.

4.

Sanabwererenso m'kalasi. Mabuku anawasiya kuhositelo, aliyense wofuna atole. Anapeza benchi pamsika, pansi pa ambulera yong'ambika, n'kumatchaja mafoni a anthu ndi kuwaikira nyimbo m'makhadi.

Patatha masabata asanu ndi limodzi a Bizaliele anamupeza pomwepo. Anali mmisiri womanga nyumba, simenti inali itawauma m'zikhadabo. Sanakhale pansi.

Alamu, a landilodi akuti atsegula chitsime Loweruka.

A zaumoyo aja si anatseka?

Anathira mankhwala kamodzi n'kupita. Chitseko chili pamwambapo ndinaikapo ndine. A landilodi akuti chitsime chawo anthu amwa zaka makumi awiri osafa. Akuti vuto linali m'nyumba mwanga. Akuti achemwali ako anali auve.

Auve.

Munthu wosesa pabwalo kawiri pa tsiku. Munthu wokwecha ndowa ndi mchenga mpaka kumaoneramo nkhope.

Azimayi apampanda ayamba kuvomereza, alamu. Mabanja asanu ndi limodzi atopa kukatunga kutali. Iwe unatenga madzi aja m'timabotolo. Kusukulu kwanuko kuli pepala. Ndikufuna pepala limenelo, la chidindo. Ndikufuna a landilodi alione, ndipo ine ndikufuna ndidziwe amene ankadziwa, ndi tsiku limene anadziwira.

Sangandipatse. Anthu aja ndi afisi, alamu.

Ukawapemphe akukanize pamaso.

5.

Fomu imene wophunzira aliyense ankasaina inali m'Chingerezi. M'chinenero cha kwa Mpotola inkanena izi.

Zotsatira zonse ndi katundu wa yunivesite.

Eni zitsime asatchulidwe mayina, atchulidwe manambala.

Wophunzira asaulule zotsatira kwa wina aliyense, kaya mbale kaya mnansi, mpaka madzi atayezedwa kachiwiri ndipo womuyang'anira atavomereza.

Wophwanya lamulo ili, kafukufuku wake adzatayidwa ndipo sadzamaliza maphunziro.

Saina apa.

6.

Anthu a kwa Mpotola sankafuna za timabotolo. Ankati akayeza madzi abwera a khonsolo kudzakwirira zitsime. Ndi Esinati amene anatseka makina kwa masiku atatu n'kuyenda naye khomo ndi khomo, choko chili m'manja.

Odi kuno! Musaope mayi, uyu ndi Fatsani yemwe uja ankakodza pamphasa panga. Pano ndi dokotala wa madzi.

Sindinakhale dokotala, achemwali.

Khala chete, ndikukugulitsa.

Ankaseka, n'kumatsegula. Esinati ankalemba nambala pa simenti ya chitsime chilichonse, Fatsani n'kumadzaza kabotolo. Wani. Thu. Fili. Atafika pakhomo pawo Esinati analemba naini wamkulu, wa mchira wopindika.

Ichi ndiye ukachipatse mamalikisi abwino. Chakulera ichi.

Anagwira chingwe, Fatsani anajambula ndi foni.

Ndiye cholinga chakocho n'chamtundu wanji? Tsiku lokaonetsa ntchito kwa azungu usakavale zakaunjika. Ndikusokera.

7.

Inu achemwali.

Malaya aja munawasiya opanda mabatani. Dzanja lamanzere simunalipinde, ulusi ukulendewera pomwe munalekera. Alamu anandipatsa m'jumbo tsiku lotsatira maliro.

Zaka zinayi makina anu sanagone kuti ine ndikhale m'kalasi. Mayunifolomu, madiresi a zinkhoswe, zigamba za m'matako a mathalauza a anthu. Munkati tsiku lovala chipewa chija cha omaliza maphunziro mudzalulutira mpaka alonda adzakutulutseni.

Tsabola uja akubereka.

Ndilibe ludzu, achemwali. Chichokereni inu, ndilibe ludzu.

8.

Anapita ku yunivesite Lachitatu, atavala malaya opanda mabatani pamwamba pa sikipa. Sanadziwe kuti ndi tsiku lomwelo lachionetsero. Tsiku la Zolinga.

Pabwalo panali matenti oyera, oyera kuposa aja a kuseri kwa chingwe. Mabaluni mitundu 17. Ophunzira atavala masuti obwereka, aliyense ataima pambali pa posita yake ngati wogulitsa tomato. Patebulo lalitali la alendo anandandalika madzi a m'mabotolo, awiriawiri pa mpando uliwonse, otsekedwa bwino.

Posita yake inalipo. Wina anaimaliza. Pakona anamatapo kariboni kagolide ka opambana, ndipo pakati, chachikulu ngati chitseko, panali chithunzi: dzanja la mkazi litagwira chingwe, chala chamkombaphala chili ndi zipsera za singano, pansi pake naini wa mchira wopindika.

Mawu a pansi pa chithunzi ankati, Mayi wina wa m'dera la kafukufuku.

Mayi wina.

9.

Mlendo wolemekezeka analankhula pa chimkuzamawu. Fatsani anatolapo izi.

Achinyamata ndiwo mlatho.
Kafukufuku wa pano akulankhula ndi dziko lonse.
Palibe amene adzasiyidwe m'mbuyo.
Tiwombe m'manja.

Anawomba. Kenako alendo anayamba kuzungulira, ndipo bambo wina wa tayi yabuluu, baji ili pachifuwa, anaima pa posita ija n'kumuyang'ana Fatsani malaya.

Ndi ntchito yanu iyi, achimwene? Yagwira mtima. Mwavalanso mtundu wake! Nanga anthu a m'deralo apindula nayo bwanji?

Mmodzi anapindula kwambiri, bwana. Sakutunganso madzi.

Eya, zimenezo ndiye timafuna kumva. Anamulumikizira paipi?

Anamukulunga m'pulasitiki.

Bamboyo anamwetulirabe pang'ono, mwina poganiza kuti ndi nthabwala za ana asukulu. Kenako anasunthira pa posita ya nsikidzi.

10.

A Dokotala Msendema anawapeza mu ofesi mwawo atavula nsapato, akupumitsa mapazi. Fatsani sanagogode.

Fatsani. Takhala tikukufunafuna. Khala pansi.

Mipando yanu ndi ya alendo.

Pepa za mlongo wako.

Pepa ndi cholinga nambala chani, a Dokotala? Ndayang'ana pakhoma paja sindinachione.

Fatsani anapitiriza.

Mwamupachika panja. Dzanja lokha. Dzina simunalifune, nkhope simunaifune, mwangotengapo chiwalo chokwana pa pepala. Mwapatsidwa kariboni. Kodi kariboniko mukagawana bwanji, inu theka, manda theka?

Chithunzi chija unajambula ndiwe, Fatsani.

Ndikufuna pepala la kulabotale. La chitsime nambala naini. Ndikudziwa mukana. Munena kuti ndi katundu wa yunivesite. Munena kuti sindine wophunzira wanu tsopano. Nenani msanga. Itanani alonda andikoke, alendo anu aone mlatho ukuyenda chagada.

Anali akukuwa tsopano, kuti a sekilitale amve, kuti wina aliyense amve. Patebulo panali botolo la madzi. Analikankha ndi kuseri kwa dzanja. Linagwa, linagubuduzika mpaka pakhomo, osasweka.

Itanani alonda!

11.

Sanaitane.

12.

A Dokotala anavala nsapato imodzi, inayo anaisiya. Anatsegula kabati.

Lamulo lija la pa fomu ndinalemba ndine, anatero atamufulatira. Kale mtsikana wina anathamanga ndi zotsatira zolakwika. Anthu anakwirira chitsime chabwinobwino ndi miyala, mwini wake anamuswa mutu ati amathiramo mankhwala. Ndinati zisadzachitikenso. Ndinati tiziyeza kawiri.

Ndiye munayeza kawiri?

Labotale inatsekedwa masabata awiri. Ankapentamo. Pokonzekera alendo omwewa.

Penti.

Penti. Ndikanatha kukatsegulitsa. Ndinali pa misonkhano ya matenti ndi mabaluni. Kachiwiri tinayeza madziwo mlongo wako ataikidwa kale, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Zimenezo ndisenza ndine, sindikupatsa wina.

Anatulutsa pepala limodzi, anadinda chidindo, anasaina kumbali. Koma sanalitambasulire kwa iye. Analigwira pachifuwa.

Ukulifunadi?

Mukuopa?

Ndikufunsa ngati ukulifunadi lonse. Ndikhoza kukulembera kalata ina. Yonena za chitsime chokha, kuti madzi ake ndi oipa, asamwedwe. Ya chidindo chomwechi. A landilodi ingawakwanire.

Panja anthu anawombanso m'manja. Fatsani anayang'ana dzanja lamanzere la malaya ake, ulusi uja ukulendewera.

Alamu anga akufuna tsiku, anatero.

A Dokotala anamupatsa.

13.

Mu minibasi, pepala lili m'thumba la pachifuwa, thumba limene Esinati analisoka kawiri kuti bolopeni isadzaboole.

Zimene munthu angachite ndi pepala pakati pa tauni ndi kwa Mpotola:

kuliiwala pampando
kulitulutsa pawindo ngati khoko la nthochi
kulinyowetsa ndi thukuta mpaka inki itabalalika
kung'ambako kachidutswa kapansi, kotalika ngati chala, palibe angadziwe
kunena kuti akana, afisi aja, ndinakuuzani alamu

Kondakitala anati otsika kwa Mpotola.

Anatsika nalo lathunthu.

14.

Kuseri kwa nyumba chitseko chakale chinali chigonere pa chitsime, miyala inayi pamwamba. Mvula inali itafufuta naini uja, kutsala mchira wokha. Azimayi awiri apampanda anasuzumira n'kubweza mitu.

A Bizaliele anali pakhonde, pambali pa makina ofunditsidwa chitenje. Anapukuta manja pa thalauza asanalandire pepala. Analiyang'ana nthawi yaitali, chidindo, manambala, mzere wofiira.

Anakupatsa.

Anandipatsa.

Ndimayesa unati ndi afisi.

A Bizaliele anamubwezera pepalalo.

Chizungu ichi chandipitirira, alamu. Tandiwerengera. M'Chichewa. Usadumphe.

Anawerenga. Chitsime nambala naini, kwa Mpotola. Madzi ali ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi, tochuluka kwambiri. Ndi oopsa kumwa osaphitsa.

A Bizaliele anatseka maso. Ndiye sanali wauve.

Sanali wauve.

Bwerezanso pamenepo mokweza. Amve apampandawo.

Anabwereza mokweza.

Loweruka a landilodi adzandipeza nditakhala pachitseko chija ndi pepala limeneli, anatero a Bizaliele. Tsopano pansipo. Pali sayini iwiri. Iyi yam'mbaliyi ndi ya lero, inki yake ikuoneka. Nanga iyi?

15.

Tsiku limene sayini imeneyo inalembedwa, m'khonde la labotale munali mutayamba kale kununkha penti. Mkulu wa mulabotale anamupatsa Fatsani envelopu ndi bolopeni, saina apa kuti walandira ndipo wawerenga. Anawerenga ataimirira, mzere wofiira unali umodzi wokha pa mizere 24, ndipo anasaina, n'kudziuza kuti ayezanso Lolemba, kuti ndi masiku ochepa chabe, kuti anthu amwa zaka makumi awiri, kuti yatsala miyezi itatu avale chipewa chija, kuti Esinati sasunga nkhani m'mimba pamene ana a anzake akumwa madzi omwewo, akangomuuza dzuwa lisanalowe Mpotola yense adziwa, Lolemba yunivesite idziwa, zaka zinayi za makina zithera m'dothi. Lamlungu anapitabe kuti akanene. Envelopu inali m'chikwama, chikwama chili pansi pa makina, pafupi ndi phazi la Esinati. Anatsegula pakamwa. Imirira bwino iwe, anatero Esinati.

N'chifukwa chake lero anakuwira a Dokotala kuti amuthamangitse chimanjamanja. Sanamuthamangitse.

Lamlungu lija ndinali pamsana pa nyumba ndikukonza malata, anatero a Bizaliele, mawu ali pansipansi. Ndinkakuonani. Dzuwa linali loswa mtengo. Unakana madzi.

Ndinakana.

Werenga, alamu.

Walandira ndi kuwerenga, Fatsani Chimbalanga.

Tsiku.

Lachisanu, pa 10 Febuluwale.